Miyendo ya Layisoni

Munthu akanena odi pakhomo panga, sindiyankha msanga. Ndimayamba ndasuzumira pawindo, ndione kuti mapazi ake aponda pansi, kenako ndiye ndimati fikani. Mkazi wanga amati ndi mwano umene ndinabwera nawo kuchokera ku Joni pamodzi ndi jekete lachikopa lija. Ndimangomusiya. Ine ndine munthu wopemphera, kutchalitchi ndimakhala kutsogolo, ndipo nkhani za mizukwa ndimaseka nazo. Koma pali chinthu chimodzi chimene ndinachigwira ndi manja angawa, ndipo mpaka lero sindinachipezere pochiika.

Ndinachoka kwathu, kufupi ndi Santhe, chaka chimene mabelo athu anabwezedwa ku okushoni mpaka fodya anachita nkhungu. Sindinapite ndekha. Ndinapita ndi Layisoni, mwana wa matenanti a pa esiteti yoyandikana ndi mudzi wathu. Kwawo kwenikweni kunali ku Phalombe, koma iye anakulira m'zigafa za Kasungu, zala zake zakuda bii ndi utomoni wa fodya. Anali wamng'ono kwa ine, ankanditi achimwene, koma ulemu wake unkathera pomwepo. Pakamwa pake panalibe chitseko.

Mayi ake anatiperekeza mpaka pamsewu. Anali mayi wochepa thupi, wosalankhulalankhula. Titaona fumbi la galimoto patali, anandigwira mkono n'kundikokera pambali.

"Bambo, mwanayu ndakupatsani inu. Akadzadwala mudzamusamale. Zikadzavuta, musadzalole kuti aume atapinda miyendo ngati galu wofera pamsewu. Mudzamuwongole."

Kwathu munthu akatsirizika, wachibale amamutseka maso ndi pakamwa, n'kumuwongola miyendo thupi lisanaume. Kufa popanda wokuwongola ndiye kufa kwa munthu wopanda kwawo. Ndinavomera. Layisoni anali atamva, ndipo anaseka mpaka chikwama chinagwa.

"Amayi inu, sitinakwere n'komwe, mwandiika kale m'bokosi?"

Mayi akewo sanaseke. Anamuvula juzi yofiira imene anaikoleka paphewa, n'kunena kuti imeneyi itsale, akagula ina konko.

Za ku Joni anthu amakamba za nyumba zosanja ndi magetsi. Ine chimene ndimakumbukira ndi kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina, ndi chisanu chimene chinkalowa m'mafupa ngati chili ndi kiyi wake. Bedi linali limodzi, lopapatiza. Tinkagona motembenukirana, mutu wanga kumapazi ake, mutu wake kumapazi anga. Nchifukwa chake mapazi a Layisoni ndinkawadziwa kuposa nkhope yake: ming'alu ya kuzidendene, chikhadabo chothyoka cha chala chachikulu, chipsera cha khasu pakakolo.

"Ukasambe mapaziwa, iwe," ndinkamuuza.

"Achimwene, amenewa ndiye akukutenthetsani. Mukanakhala nokha bwenzi mutauma kale."

Tinayamba ndi maganyu a m'maluwa. Kenako iye analowa kwa omanga nyumba, ine n'kupeza ntchito pachipatala china chachikulu, yokankha mabedi ndi kunyamula odwala. Kumudzi tinkatumiza zimene aliyense amatumiza, mabulangete, foni, za malata, za feteleza. Lamlungu tinkakumana ndi Amalawi anzathu, kupemphera, kudya usipa wobwera pabasi, kunamizana kuti chaka chamawa tikubwerera.

Chimene chinamugwetsa sichinali chinthu choti munthu n'kuchiopa. Kachitsulo ka dzimbiri kanamubaya padzanja, basi. Anamanga kansanza n'kupitiriza ntchito, poti kwa omanga ukajomba tsiku limodzi, m'mawa mwake wilibala yako yagwira wina. Dzanja linatupa, kenako mkono. Ndinamuuza kuti tiye kuchipatala, iye n'kumati ndi kachilonda ka mwana. M'mawa wina ndinadzuka mapazi ake akunditentha kumaso ngati njerwa zochotsa pamoto, mano akugundana, akunditchula dzina la malemu bambo ake. Ndinamubereka kumsana mpaka pamsewu.

Anamugoneka kuwodi ya odwala mwakayakaya, yomwe ine ndinkakankhirako mabedi. Kumeneko kulibe phokoso la anthu. Makina okha ndi amene amalira, aliyense ndi kamvekedwe kake, ndipo magetsi amayaka chimodzimodzi kaya kunja kuli dzuwa kaya mvula. Odwala amagona chotsamira, kumutu kokwezeka, maso otseka, timapaipi tili ponseponse. Ndinali nditazolowera. Koma kuona munthu amene umagona naye bedi limodzi ali pamenepo, zonse zinakhalanso zachilendo.

Woyang'anira wodiyo masana anali nesi wina wamkulu, Msutu, tinkangomuti Sisita. Anali wolusa pantchito koma wosabisa mawu. Anandiuza kuti tizilombo ta pachilonda paja talowa m'magazi, matenda amene iwo amati sepisisi. Mitsempha yalekerera, magazi akuyenda mofooka, ndipo ubongo sukulandira mpweya wokwanira. Pamphumi pa Layisoni anamata timapulasitala tiwiri tokhala ndi nthambo zopita kumakina. Pamakinapo panali nambala.

"Nambala iyi ikutiuza mpweya umene ukufika m'mutu mwake," anatero Sisita. "Ikatsika, munthu wako akutalikira. Tsopano gwira akakolo."

Anatsitsa kumutu kwa bedi kuti agone chagada mowongoka. Ine ndinagwira akakolo onse awiri n'kukweza miyendo mpaka zidendene zinafika pachifuwa panga. Sisita anati magazi amene adikha m'miyendo atsetserekera kumtima, mtima n'kuwakankhira kumutu. Nambala ikakwera, ndiye kuti thupi likufunabe madzi a m'diripi, awonjezere.

Nambala inakwera. Ndinaiona ndi maso anga. Ndipo Layisoni, amene sanatsegule maso chifikireni, anawatsegula, n'kundiyang'ana kudutsa pakati pa mapazi ake. Anakankha ndi chibwano chopumira chimene anamuveka kumaso.

"Achimwene, mwandibwezeranji? Ndinali nditawoloka kale Limpopo."

Mawu ake anali abwinobwino, ngati munthu amene wamudzutsa pa tulo ta masana. Ndinaseka ndi chimwemwe, misozi ili m'maso.

"Ukupita kuti, chitsiru iwe?"

"Kumudzi. Wapansi. Palibe ndi mmodzi yemwe wandifunsa pasipoti."

Sisita anayang'ana wotchi, n'kunena kuti tsitsa. Ndinatsitsa, iye n'kukwezanso kumutu. Nambala inayamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo maso a Layisoni anatsekeka ngati mmene analili.

"Bwanji osamusiya chikwezere?" ndinafunsa. "Ndigwira ine tsiku lonse, sinditopa."

"Si mankhwala amenewa, ndi funso," anatero Sisita. "Tikufunsa thupi lake ngati likufuna madzi ena. Likayankha, timatsitsa. Kumusiya mutu pansi nthawi yaitali kungamuvute kupuma. Mankhwala ali m'diripimo, apatse nthawi."

Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse yofunsa funsolo ankaitana ine. Wina akagwira miyendoyo, Layisoni ankapalasa. Ndikagwira ine ankadekha. Komanso Chichewa m'chipatala monsemo ankachimva ndine ndekha. Ndikakweza, nambala ikwera, maso atseguka, ndipo amandiuza pamene wafika. Chimene chinkandiopsa n'chakuti sankayambiranso. Amapitiriza pomwe analekezera. Lero ali m'tchire la ku Zimbabwe, mawa wawoloka mlatho wa ku Tete, kukutentha koopsa. Tsiku lina anati wadutsa Dedza, amayi ogulitsa mbatata ya kachewere sanamuone. Ulendo wake unkayenda molongosoka, mudzi ndi mudzi, monga momwe basi imadutsira, pamene iye mwini sankadziwa n'komwe kuti lero ndi lachingati.

"Mukandikweza chonchi mumandipachika ngati fodya m'chigafa," anadandaula tsiku lina. "Ndimangoona msewu ukuchoka kumapazi. Mukundichedwetsa, achimwene."

Ndinamuuza Sisita zonsezi. Sanaseke. Anati ubongo wosowa mpweya umalota masana, ndipo anthu akutali onse amalota kwawo. Anamvapo ena akuyenda chomwecho m'zinenero zawo. Bola nambala izikwera tikakweza, ndiye kuti njira ikadalipo. Ndinamukhulupirira, ndipo mpaka pano ndimakhulupirira kuti ankanena zoona. Kungoti Sisita sankaidziwa njira ya ku Kasungu. Ine ndinkaidziwa, ndipo ndinkaona kuti yatsala pang'ono.

Ndinaimbira foni mchemwali wake, Esinati, kumuuza kuti zinthu sizili bwino. Analira. Nditaimbanso patapita masiku ndinati andipatse amayi, ndiike foni pakhutu la mwana wawo, mwina akamva mawu awo alimba mtima. Esinati anapita, n'kubwerera.

"Akukana, achimwene. Ali kuchigafa, akungosoka fodya. Sakudzutsa mutu, sakulankhula ndi munthu."

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinati mayi wanji ameneyu, mwana ali pakati pa moyo ndi imfa iye ali kalikiliki ndi fodya wa bwana? Ndinadula foni osatsanzika.

Nthawi imeneyo mapazi a Layisoni anali atayamba kusintha. Anazizira, ndipo kunsi kwake kunachita mtundu wofiirira, wa katondo. Sisita anati magazi akuthawa kumapazi kuti akatumikire mtima ndi ubongo, ndipo mankhwala olimbitsa mitsempha amachititsanso zomwezo. Ndinatenga kansalu konyowa n'kupukuta, koma sunachoke. Mapazi amenewa sanaponde pansi chigonekereni, ankasambitsidwa m'mawa uliwonse. Komabe ming'alu ya kuzidendene ija inkaoneka ngati ya munthu amene wayenda tsiku lonse mumsewu wa fumbi wa ku Kasiya. Ndinaopa, ndisaname. Ndinkawagwira ndikuyang'ana kumbali.

Milomo yake inali itauma gwa. Madzi akumwa sankaloledwa kuopa kuti angatsamwe, ndiye Sisita ankangomunyowetsa ndi thonje. Masana ena m'masiku omwewo, titakweza, nambala inakwera pang'ono chabe, ndipo anachedwa kutsegula maso.

"Ndafika, achimwene."

"Wafika kuti?"

"Pachigafa. Fodya wachita bwino chaka chino. Amayi ali mkatimo, avala juzi yanga yofiira, akusoka." Anapuma movutikira. "Ndanena odi. Ndanenanso. Sakuyankha."

"Ndiye ulowe bwanji osayankhidwa? Bwerera kuno."

"Nchifukwa chake ndangoima padzuwa. Andimva, ndikuona, singano yaima. Koma sakudzutsa mutu." Anandiyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chidziwireni munthu ameneyu, m'maso mwake munalibe nthabwala. "Mawa musandikweze. Mwina akati andiyankhe, inu mwandichotsapo kale."

Sisita anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinamumasulira zonse, osachotsa kanthu. Kenako anandifunsa kuti ine ndikuti bwanji.

"Tikweza," ndinatero. Ndipo kwa Layisoni ndinati, "Ndikukweza mawa, ndikukweza mkuja, mpaka manja athothoke. Kwanu upita pabasi ngati munthu."

"Nkhanza, achimwene," anatero, maso akutsekeka.

Zinapitirira choncho masiku angapo. Ndikakweza, nkhani inali yomweyo: waima padzuwa, wanena odi, sanayankhidwe. Mumtima ndinayamba kuyamika nkhanza za mayi aja, ngakhale sindinkazimvetsa. Madokotala anasintha mankhwala. Tsiku lina thupi linazizirako, Sisita n'kundimenya paphewa kuti mwina tipambana. Tsiku limenelo ndinadya bwino.

Mawa lake masana, dzuwa lili paliwombo kunja, anandiitananso. Anatsitsa kumutu, ine n'kugwira akakolo. Miyendo inali yolemera mwamtundu wina, ngati mwini wake waisiya. Ndinakweza mpaka pachifuwa. Tonse awiri maso anali pamakina. Nambala sinasunthe. Ndinakwezanso, mpaka zidendene zinafika pamapewa anga. Sisita anati basi, tsitsa, koma ine sindinatsitse. M'wodi monsemo munkanunkha mankhwala okolopera monga masiku onse, koma ine ndinamva fungo la fodya wamuwisi, wongothyola kumene.

Layisoni sanatsegule maso. Nkhope yake inamasuka, milomo youma ija inagwedera, ndipo analankhula motsitsa, mwaulemu umene sindinaumvepo pakamwa pake. Sankalankhula ndi ine. Mawuwo ndinawamva bwinobwino, ndipo ndinawasunga.

Makina analira, madokotala anathamanga, ine anandikankhira kunja kwa katani. Anayesetsa, ndisawanamizire. Dzuwa lisanapendeke zinali zitatha.

Ndinapempha Sisita kuti andilole ndichite za kwathu. Anatseka katani, n'kuima panja ngati mlonda. Ndinamutseka maso. Kenako miyendo imene ndinakhala ndikuikweza masiku onsewo ndinaigoneka pansi, ndinaikoka pang'ono, bondo ndi bondo, mpaka inawongoka. Zala zazikulu ndinazimanga pamodzi ndi kabandeji. Ndinamuuza kuti ndachita zimene amayi ako ananena, sunafe ngati galu. Pamenepo ndiye ndinalira, Sisita akumva, osalowa.

Thupi linapita kumudzi pangolo ya galimoto, Amalawi anzathu a Lamlungu aja ndi amene anakonza. Ine sindinaperekeze, ntchito sikanandidikira. Ndinakhalabe zaka zambiri pachipatala chomwecho, bedi lija ndikugonapo ndekha, kukuzizira. Ndinakweza miyendo ya anthu ambiri, akuda ndi oyera omwe. Ambiri nambala inkakwera, amalandira madzi, patapita masabata n'kutuluka akuyenda okha, ena mpaka kundipatsa moni pageti. Sindinafunsepo ndi mmodzi yemwe kuti anali kuti.

Nditabwerera kwathu msana utayamba kukana, ndinapeza pakhomo pakuyenda bwino popanda ine. Mkazi wanga anali atazolowera kulamula yekha, mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndikuonera pafoni, ndipo mng'ono wanga anali atasuntha malire a munda ndi mizere ingapo, n'kumandiyang'ana ngati wosuntha ndine. Adzukulu ankanditi a ku Joni. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndinangopirira. Koma panali khomo limodzi limene ndinkayenera kufikapo, ndipo ndinkazengereza.

Matenanti sakhalitsa malo amodzi. Pa esiteti yakale ija anandiuza kuti banjalo linasamukira cha ku Mtunthama. Ndinapalasa njinga nyengo yothyola fodya, kufunsa esiteti ndi esiteti, mpaka wina anandilozera chigafa cha kumapeto kwa munda. Linali dzuwa la masana. Mkati munali mthunzi, masamba ali lendelende pamikangala, ndipo pansi pake panakhala mayi wokalamba, wavala juzi imene kale inali yofiira, m'zigongono muli mabowo. Ankasoka.

"Odi," ndinatero.

Singano inaima. Mutu sunadzuke.

"Odi kuno."

Chete. Ndinaima padzuwa pamenepo mpaka mayi wina anatulukira kuseri ndi mtolo wa masamba. Anali Esinati, atanenepa, mwana kumsana. Anandizindikira, n'kugwetsa mtolo.

"Achimwene, ingolowani. Amayi sayankha odi. Analeka chaka chomwe chija."

Ndinalowa, ndinakhala pansi, ndinadzitchula dzina. Mayi aja anayamba ayang'ana mapazi anga, kenako nkhope. Tinalonjerana, tinapepesana maliro akale. Anafunsa ngati ndinamuwongola, ndinati eya, ndi manja angawa. Anagwedeza mutu. Kenako anauza Esinati kuti akatunge madzi a alendo, ndipo atachoka anayamba kulankhula, maso ali pasingano.

"Munandida pa foni paja, ndikudziwa. Sindikanatha. Esinati atandiuza kuti wadwala, sipanapite nthawi ndinamva odi kuseri kwa fodya. Mawu ake enieni. Ndinadziwa kuti munthu amene wagona ku Joni sangaime pachigafa panga zinthu zili bwino. Ndinati ndikamuyankha alowa, ndipo akalowa sabwereranso kuthupi lake. Ndiye ndinaluma mano. Amabwera masana, kuima padzuwa, odi, odi, ine maso pansi. Kenako amangochoka mwadzidzidzi, ngati wina wamukoka miyendo." Anatembenuka. "Ankamukoka ndani?"

"Ndinali ine, amayi."

"Munkakoka bwino, bambo. Inu kukoka uko, ine kukankha kuno. Tikanatha kupambana."

Anatola tsamba, n'kulibwezanso pansi.

"Tsiku lomaliza sananene odi. Anangoti, 'Amayi, ludzu.' Inu muli ndi ana. Mwana wanu ali padzuwa akuti ludzu, mungatani? Ndinadzutsa mutu. Ndinati, 'Fika mwanawe, wayenda bwanji?' Pamene ndimatsiriza mawuwo panalibe munthu. Dzuwa lokhalokha." Anandiyang'ana. "Ndinamulonjera mwana wanga, koma sindinamve yankho lake. Zaka zonsezi sindidziwa ngati anafika ali wokwiya nane."

Mawu otsiriza aja a Layisoni ndinali nditawasunga osauza munthu, ngakhale Sisita sindinamumasulire, chifukwa sindinkadziwa kuti mwini wake ndani.

"Anayankha, amayi. Yankho linatulukira kwathu kuja, ndili chigwirire miyendo yake."

"Anati chiyani?"

"Anati, 'Ndayenda bwino, amayi. Zikomo.'"

Mayi aja anabaya singano pansi. Anatambasula miyendo yawo pamphasa, n'kukoka juzi ija kuphimba kumaso. Esinati pobwera ndi madzi anatipeza choncho, ndipo anaima pakhomo la chigafa ndi kapu m'manja, osadziwa kuti apatse ndani.